Njerwa za ku Kamzimbi

Area 12, Lilongwe
3 Malichi 1975

Achemwali a Bernadetta,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi Bambo ndi mwana wanu Alinesi. Ife tilipo, Agness akupereka moni. Mvula yatikwana kuno. Mzinda watsopanowu ndi matope okhaokha, munthu umafika ku ofesi ku City Centre nsapato zitalemera ngati wachokera kudimba.

Ndikudziwa kuti chisamukireni ku Mtaya simunandiyankhe kalata ndi imodzi yomwe. Iyi yokha muyankhe, chifukwa nkhani yake si yanga, ndi ya ana a mudzi wonse.

Sukulu zathu ziwiri za ku Kamzimbi, ya kumunsi ya Fomu 1 ndi 2 ndi ya kumtunda ya Fomu 3 ndi 4, azigwetsa chaka chino. Pamalopo pabwera nyumba za akuluakulu ogwira ntchito m'boma. Ofesi yathu imanga sekondale ina m'malo mwake, koma sanagwirizane kuti aimange kuti. Komiti yosankha malo imayendera lamulo lakuti sukulu imene anthu anamanga ndi manja awo iziwatsata kumene asamukira. Ikapezeka kuti anamanga ndi amishoni, yatsopanoyo imangidwa m'tauni muno. Tsono fayilo imene ili patebulo panga ikuti zonse ziwiri anamanga ndi amishoni. Dzina la Bambo, a Maynard Chikuse, amene anatsogolera ntchito yonse ija, mulibemo. Anthu a ku Kamzimbi sanawatchule n'komwe.

Bwana wanga, a Mhango, kwawo ndi ku Rumphi, ndipo akuti nakonso njerwa za sukulu anaumba okha, kotero nkhaniyi yawakhudza. Andiuza kuti ndikapeza umboni adzauika pamaso pa komiti pa 27 Juni. Ine ndakumbukira kope lakuda lija limene Bambo ankalembamo mabanja onse ndi njerwa zimene banja lililonse linaumba. Chonde nditumizireni kopelo msanga, mulikulunge bwino.

Alinesi alemba mayeso a Sitandade 8 mu Julayi. Mukudziwa nokha kuti kuchokera ku Mtaya sekondale yapafupi ndi ulendo wa tsiku lathunthu. Sukuluyi ikapita kwina, iye ndi anzake onse athera pomwepo.

Ine mlongo wanu,
Nebert


Mtaya
14 Epulo 1975

Nebert,

Tili moyo, poti wafunsa. Bambo akutsokomola chiyambire mvula ndipo miyendo yatupa. Moni wa akazi ako ndaulandira, kungoti sindikudziwa poti ndiusunge, nyumba yake ikudontha paliponse.

Kalata yako inakhala masabata atatu pa golosale ya a Consolata pamene timatengera makalata. Ndinaizindikira ndi zilembo zako zopendekazo, ndinkaisiya dala.

Ulibe manyazi iwe. Zaka ziwiri zapitazo unabwera ndi kalata yokoma ngati yomweyi. Unati ofesi ikufuna mayina a nyumba zonse za ku Kamzimbi kuti atiganizire za mjigo ndi chipatala. Ine wopusa ndinayenda khomo ndi khomo, kulemba mpaka nkhokwe ndi makola, anthu n'kumandithokoza. Patatha miyezi itatu malole anafika, mnyamata wa chipewa akuwerenga mayina papepala, ndipo pepalalo linali la m'manja mwanga. Mpaka lero amayi ena akandiona pachitsime amasiya nkhani. Lero ukufunanso mayina omwewo. Mukufuna mutichotsenso kuno mutipititse kuti?

Ukuti fayilo ikunama. Walidziwa liti zimenezo? Mbiri ya sukuluzo sifunika kope, ndikuuze ine. Mu 1958 amishoni anati apereka malata ndi aphunzitsi ngati mudzi ungaimike makoma. Amuna anakumba nkhuti kuseri kwa manda, amayi ankatunga madzi ku Lingadzi, ulendo kasanu dzuwa lisanafike pamutu. Uvuni woyamba mvula inaugwetsa usanapse, tinayambiranso. Ine ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi, ndinasenza njerwa mpaka tsitsi la pakati pamutu linathothoka. Iwe unali pamthunzi, akuti mwana wamwamuna asatope, mawa ali ndi sukulu. Ya kumunsi inatsegulidwa mu 1961, atsikana tinalimo atatu. Ndinakhoza Fomu 2 kuposa anyamata onse, koma Fomu 3 kunalibe. Pamene tinkamaliza kumanga ya kumtunda mu 1966 ine ndinali ndi Alinesi kumsana, ndikusenzabe njerwa. Amene anakalowamo atavala nsapato ndiwe.

Sukulu imeneyo ndiyo inakupatsa Chingerezi chimene unatigulitsa nacho. Kope sulilandira.

Bernadetta


Area 12, Lilongwe
5 Meyi 1975

Achemwali,

Ndamva za kudwala kwa Bambo ndipo zandidetsa nkhawa. Mukanandiuza kale. Ndagula bulangete ndi mankhwala a chifuwa ku Old Town, ndapatsira kondakitala wa basi ya kwanuko kuti akasiye kwa a Consolata.

Zina zonse mwalemba zandipsetsa mtima, sindibisa. Ndanena kangati kuti za mayina aja nanenso anandinamiza? Ndinali kalaliki wamng'ono wongotumidwa. Mukuganiza kuti ndikanakana, mzinda ukanaima? Akanatuma wina, ndipo nkhokwe ndi makola amene munalemba aja sakanawerengedwa n'komwe. Koma inu mumakonda kukhala ndi munthu womuloza chala, ndiye mwapeza ine. Za Fomu 3 kafunseni Bambo, si ine ndinagawa. Ndinali mwana. Mwasunga nkhwidzi zaka khumi ngati mbewu ya m'chiguduli, chaka chilichonse mukuibzala.

Loweruka ndinapita ku Kamzimbi. Simungakudziwe. Pamene panali nyumba yathu pali zikhomo zopaka utoto wofiira, ndipo msewu wadutsa pakati pa bwalo la mpira. Sukulu zonse ziwiri malata anachotsa, mazenera anazula, koma makoma ali chilili. Ndinalowa m'kalasi imene munkaphunzira, m'kati mwamera chisoso chofika m'chiuno. Kapitawo wa pamalopo wandiuza kuti makina ogumulira ali ku Area 10, akamaliza kumeneko abwera.

Mukandida ine, ndidani, ndazolowera. Koma a Mhango andifunsa kawiri sabata ino kuti umboni uja uli kuti. M'komitimo muli anthu amene ana awo akufuna sukulu pafupi ndi nyumba zawo zatsopanozi, ndipo fayilo ili mbali yawo. Sadzachita kuvutika n'komwe. Inu mukukhalira kope ngati nkhuku yofungatira mwala. Mwana amene mukumulanga si wanga, ndi wanu.

Nebert


Mtaya
19 Meyi 1975

Bwana Nebert,

Tadzuka. Bulangete lafika, ndi lopyapyala, koma Bambo akulifunda ndipo akuuza aliyense wobwera kudzawazonda kuti lachokera ku likulu. Ndimachita kutuluka panja kuti ndisamve.

Dzina la mwana wanga ulichotse m'kamwa mwako. Pamene ankagona pansi pa mtengo masabata awiri titangotsitsidwa m'lole kuno, malume ake anali kuti? Unali kusankha makatani a nyumba ya ku Area 12. Lero wakumbukira mwana wa mlongo wako chifukwa bwana wako wakufunsa kawiri. Ukufuna ukwezedwenso pantchito ndi thukuta lathu, monga unakwezedwa ulendo woyamba uja. Usakane, tinamva.

Ukuti anakunamiza. Chabwino. Nanga bwanji sunabwere kudzanena zimenezo kwa anthu? Zaka ziwiri, basi ikuyenda katatu pa sabata, iwe phazi lako silinapondeko kuno. Mawu oti pepani ndakhala ndikunenera iwe ndine, pachitsime, pamaliro, kutchalitchi.

Ndiye imva. Ngati kopelo ukulifuna, bwera wekha. Udzaime Lamulungu anthu akatuluka m'mapemphero, udzanene ndi pakamwa pako kuti mayina aja unapempha ndiwe ndipo Bernadetta sankadziwa kanthu. Ukatero tidzakamba za kope. Za papositi iwala. Pepala langa lina silidzalowanso mu ofesi imeneyo ine ndisanaone nkhope ya wolitenga.

Ukapanda kubwera ndidziwa kuti sukuluyo sunkaifuna kwenikweni.

Bernadetta


Mtaya
2 Juni 1975

Mwana wanga Nebert,

Ndine bambo ako. Akulemba ndi Alinesi, chifukwa maso anga sakuonanso mizere. Moni kwa apongozi anga a Agness. Bulangete ndalandira, zikomo. Tinkayembekeza kuti Lamulungu lapitali tikuona, koma ndamva kuti ntchito ya boma sipereka mpata.

Alinesi wandiwerengera makalata ako onse, anawapeza m'thumba la mayi ake. Ndakalipa kwambiri. Inu awiri mukukanganirana chinthu chimene kulibe. Kope lija linatha. Tsiku losamuka lija mlongo wako analiika m'dengu pamwamba pa katundu, mvula inatipeza panjira, pofika kuno linali phala. Iye wakhala akubisa chifukwa cha manyazi, poti anthu amamunena kale. Usamunyoze nazo.

Koma umboni ulipo, ndipo ndi woposa kope. Iwe unali wamng'ono, sukudziwa mmene tinkagwirira ntchito. Njerwa za mabanja onse zinkalowa mu uvuni umodzi, ndiye kuti waulesi asabisale kumbuyo kwa anzake, tinapangana kuti banja lililonse liziika chizindikiro chake pa njerwa ikadali yaiwisi, ikangotuluka m'chikombole. Ife chathu chinali zala zitatu. A Lemson ankadinda kiyi wa njinga. Amayi a Efelo, amasiye aja, ankadinda supuni. Kwa a Felton chinali chitsekerero cha botolo, kwa a Sophia kamtanda, kwa a Greenwell phazi la nkhuku, loti anachita kuumitsa n'kumalisunga m'thumba. Zilipo makumi anayi ndi ziwiri, Alinesi wazilemba zonse kuseri kwa pepalali pamodzi ndi mayina a eni ake. Pophula uvuni mlongo wako ndiye ankawerenga, sanaphonyepo ndi kamodzi komwe.

Zizindikirozo suziona uli panja, chifukwa zili pamimba pa njerwa, pamene pamagona dothi lomangira. Tenga abwana akowo upite nawo makoma asanagwe. Akasankhe okha khoma lililonse limene afuna, ku sukulu ya kumunsi kapena ya kumtunda. Ukagumule mizere iwiri ya pamwamba, ukapale dothi, ukawaonetse pepalali. Akapeza njerwa imodzi yopanda chizindikiro, ndine wabodza. Ukawafunse ngati mmishoni angadinde phazi la nkhuku pa njerwa.

Ine ndatsala pang'ono, mwana wanga. Munda anatenga, manda a mayi ako tinawasiya komweko, sindinalire pamaso pa anthu. Koma ndikufuna ndimve ndi makutu anga kuti sukulu ija yatitsata. Ndauza Bernadetta kuti akaponye kalatayi Loweruka lino popita kumsika. Fulumira, mawa mawa adagonetsa munda.

Bambo ako,
Maynard Chikuse


Area 12, Lilongwe
28 Juni 1975

Bernadetta,

Sindifunsa za moyo wanu. Mundiuze za Bambo basi.

Kalata yawo yandipeza Lachitatu pa 25. M'kati mwalembedwa 2 Juni. Chidindo cha positi pa envulopu chikuti 21 Juni. Bambo anati iponyedwe Loweruka la pa 7. Ndakhala ndikuyang'ana masiku amenewa mpaka Agness wandilanda envulopuyo. Masabata awiri amenewo kalatayi inali kuti?

Makoma anagwa pa 18 ndi pa 19. Ikanafika ngakhale pa 12, ndikanaima ndi a Mhango patsogolo pa khoma lathunthu.

Nditangoiwerenga ndinathamangira kwa a Mhango, iwo anasiya ntchito, tinakwera galimoto yawo. Tinapeza pali mbee, ngati sipanakhalepo chinthu. Kapitawo anati zigumukazo anazituta tsiku lomwelo kukakwirira dambo pamene pakudutsa msewu watsopano wopita ku City Centre. Tinapita kumeneko. Anathira kale dothi lofiira pamwamba, chimakina chopondera chikuyendapo uku ndi uku. Ndinatsikira m'mbali mwa ngalande ndi suti yanga, ndikufukula ndi manja, anyamata a pamsewu akundiseka kuti bwana wapenga. Ndinapeza zibenthu zinayi. Chimodzi chili ndi supuni ya amayi a Efelo, yooneka bwinobwino. China chili ndi zala ziwiri, chachitatu chinaduka. Ndinaikamo zala zanga, ndipo ndinalira pamaso pa bwana wanga ngati mwana.

Dzulo komiti inakumana. A Mhango anawerenga kalata ya Bambo yonse ndi mayina onse makumi anayi ndi awiri, ine ndinayala zibenthuzo patebulo pamwamba pa nyuzipepala. Mkulu wina anatola chimodzi n'kufunsa kuti adziwa bwanji kuti chinachokera pa khoma la sukulu, osati pa khola la nkhumba la munthu. Akanaona okha zikutuluka pakhoma, sakanafunsa. Wina anayang'ana wotchi. Nkhani yonse sinathe mphindi makumi awiri.

Sekondale imangidwa kuno m'tauni. Atsegula Fomu 1 mu Okutobala m'makalasi obwereka. Ku Mtaya kulibe chimene chikubwera. Chokhacho a Mhango achita n'chakuti amata kalata ya Bambo m'fayilo muja, kuti wodzaitsegula m'tsogolo adzapeze mayina.

Munkafuna ndibwere ndidzaime pamaso pa anthu. Ndinapempha tchuthi kawiri anandikaniza, koma ndivomere, ndinkaopanso. Mlandu umenewo ndi wanga ndipo ndidzafa nawo. Koma ine mayina ndinapereka ndisakudziwa chimene ndikuchita. Inu kalatayi munaisunga mukudziwa zonse zimene zinalembedwamo. Zaka ziwiri mwanditcha wogulitsa mudzi. Tsopano mundiuze dzina lanu.

Nebert


Mtaya
9 Julayi 1975

Nebert,

Bambo afooka. Sakudzukanso okha, phala akumwa masupuni atatu. Adokotala anabwera Lolemba, anandiitanira kuseri kwa nyumba n'kundiuza kuti mvula ya chaka chino sadzaiona.

Wafunsa kumene kunali kalata. Inali pa ine. Loweruka loyamba ndinaimanga pa mfundo ya chitenje, ndinagulitsa mtedza wanga, ndinafika mpaka pakhomo pa positi. Ndinaganiza za iwe ukuwerenga kuti kope ndinaononga ndine, ukumwetulira, ukuonetsa akazi ako. Ndinabwerera nayo. Loweruka lachiwiri ndinati ndidikire Lamulungu limodzi lokha, mwina ubwera, udzaime pamaso pa anthu monga ndinanenera. Ndinkati makoma amene anapirira mvula zaka khumi ndi zinayi sangalephere kudikira sabata imodzi. Sunabwere. Lachitatu lake Alinesi anandifunsa ngati malume ayankha, ndinalephera kumuyang'ana, ndiye Loweruka lotsatira ndinakaponya. Palibe china. Sindinaiwale, sinasochere, a Consolata alibe mlandu.

Usaganize kuti pamenepa ndakukhululukira. Ukanabwera mu Meyi, ukanamva zonsezi pakamwa pa Bambo tsiku limodzi, makoma akadali chilili. Basi inalipo. Koma dzina limene wafunsa ndalipeza ndekha, ndimadzitchula m'mawa uliwonse ndikamaona ana a eni ake akudutsa pakhomo pano ndi makope m'manja. Chaka chino olemba mayeso alipo khumi ndi asanu ndi awiri. Makolo awo sakudziwa chilichonse. Amayi a Efelo dzana anandipatsa dzungu, akuti poti mlongo wanga akutimenyera nkhondo ku likulu.

Ndili ndi zopempha ziwiri.

Choyamba, Alinesi akakhoza umutenge azikakhala kwanu, akalowe sukulu yanu yatsopanoyo. Amadziwa kuchapa ndi kusita, sadzakhala mtolo kwa a Agness. Anzake khumi ndi asanu ndi mmodzi otsalawo ndilibe nawo pogwira, ndizikumana nawo pachitsime moyo wanga wonse. Iyeyo usadzamuuze za masiku a pa envulopu. Ndidzamuuza ndekha akadzakula, ngati ndidzalimbe mtima.

Chachiwiri ndi Bambo. Tsiku lililonse akangotsegula maso amafunsa ngati kalata inafika nthawi yabwino. Ndimati inafika. Amafunsa ngati abwana anaona zizindikiro. Ndimati anaona, anadabwa kwambiri, komiti ikungomaliza zolembalemba. Dzulo anaseka mpaka kutsokomola, akuti akanakonda kuona nkhope zawo pamene linatuluka phazi la nkhuku. Kenaka anandituma kuti ndikaitane a Lemson adzakambirane malo okumba nkhuti, poti mwina boma lidzafuna kuti tithandizeko njerwa.

Koma ayamba kundikayikira. Akuti bwanji Nebert mwini wake sakulemba. Akufuna amve kwa iwe.

Ndiye bwera Loweruka la sabata ya mawa. Sindikunenanso zoima pamaso pa anthu, ndilibenso nkhope yokuumirizira zimenezo. Udzalowe m'nyumba, udzakhale pamphasa pafupi ndi iwo, udzawauze kuti unagumula khoma abwana akuona, njerwa iliyonse inali ndi mwini wake, ndipo sukulu ikubwera. Zibenthu zija usabwere nazo, adzafunsa chifukwa chake zili zoduka. Ine ndikamanena mawu amanjenjemera ndipo iwo akumva. Iwe wakhala mu ofesi zaka zambiri, umatha kunena zinthu nkhope ili gwa. Bwera udzandithandize kunama.

Mlongo wako,
Bernadetta